Matayala a ngolo pa ulendo wa Joni kupita kumudzi: chimene chimawaphulitsa, ndi mmene tingasankhire ena

Chaka chikamapita kumapeto, galaja imene ndimagwirako ntchito kumwera kwa Johannesburg imalandira ngolo zamitundu iwiri. Pali makaravani (ngolo zogonamo) a eni dziko amene akukonzekera tchuthi cha Disembala ku Durban kapena ku Kruger, ndipo palinso ngolo za ife Amalawi, zimene zimakokedwa ndi bakkie (pikapu) kapena minibasi ya Quantum zitasenza mafiriji, mabedi, malata, zigubu za mafuta ophikira ndi matumba a zovala, ulendo wa ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Blantyre. Eni ngolozi amasiyana pa zambiri, koma matayala awo amawonongeka m'njira imodzi, ndipo n'chifukwa chake ndaganiza zolemba zimene ndakhala ndikuziona, makamaka poganizira abale anga amene amanyamula katundu wa anthu pa msewu wa makilomita oposa 1,600 wodutsa m'maiko anayi.

Aliyense amene anayendapo pa N1 kupitirira Polokwane anaonapo zidutswa za labala wakuda zitatayika m'mbali mwa msewu. Tikamakambirana za tayala lophulika, ambiri timafulumira kunena kuti lagunda dzenje, kapena kuti linali lotchipa, ndipo ena amafika poganizira anthu akumudzi amene sakuwafunira zabwino. Maenje alipodi, ndipo matayala achabechabe alikonso, koma ambiri mwa matayala a ngolo amene ndawagwira ataphulika anaphedwa ndi kutentha kwa mkati mwake, kumene kumabwera ndi katundu wopyola muyezo, mpweya wochepa ndi liwiro, ndipo ukalamba wa labala umangofulumizitsa zonsezi.

Tayala si labala yekha ayi. Mkati mwake muli nsalu zolimba ndi malamba a waya, zonse zomatidwa pamodzi ndi labalayo. Nthawi iliyonse tayala likazungulira, mbali imene yakhudza msewu imapindika pang'ono kenako n'kuwongoka, ndipo kupindika kumeneku kumatulutsa kutentha. Tayala la mainchesi 13 lofala pa ngolo zing'onozing'ono limazungulira pafupifupi ka 550 pa kilomita imodzi, zimene zikutanthauza kuti pa liwiro la makilomita 100 pa ola limapindika ka 55,000 pa ola limodzi lokha. Likakhala ndi mpweya wokwanira ndi katundu woyenera, limapindika pang'ono ndipo kutenthako kumachoka ndi mphepo. Likalemedwa kapena likaphwa, limapindika kwambiri, kutentha kumachuluka kuposa kumene kukuchoka, ndipo labala amayamba kulekana ndi malamba a waya aja. Pamapeto pake chikopa cha pamwamba chimasupuka chonse, n'kuyamba kumenya mudguard, mawaya a magetsi, ndipo pa karavani chimatha kuboola pansi n'kuthyola mapaipi a madzi. Choipa kwambiri n'chakuti tayala la ngolo silikhudzana ndi chiwongolero, choncho dalaivala samva kalikonse m'manja pamene zonsezi zikuyamba, ndipo kawirikawiri amadziwa pokhapokha wina womupitirira akamuimbira hutala n'kumuloza kumbuyo.

Msewu wathu nawonso suthandiza. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo timanyamuka kukuzizira bwino, koma tikangotsika mapiri a Soutpansberg kupitirira Louis Trichardt timalowa m'chigwa cha Limpopo, kumene Musina ndi Beitbridge kumatentha koopsa. Kuchokera apo pali ulendo wautali wodutsa Masvingo ndi Harare mpaka Nyamapanda, ndiyeno Tete, m'mbali mwa Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo phula limatentha kuposa pamenepo. Tayala limene linavulala mkati litagunda dzenje mu Zimbabwe limatha kuyenda bwinobwino maola angapo, n'kudzaphulika pa msewu wosalala pafupi ndi Zobue, ndipo mwini wake amadabwa chifukwa pamalo amene laphulikirapo palibe chilichonse chimene lagunda.

Nkhani ya katundu ndiyo imativuta kwambiri ife, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Ulendo umodzi umadya ndalama zambiri za mafuta, matoligeti ndi zolipira pazipata, ndipo phindu la wonyamula katundu lili pa chikwama chimodzi chowonjezera chimene wina wabweretsa usiku wonyamuka, akuchonderera kuti ndi cha mayi ake. Kukana n'kovuta. Komabe ngolo iliyonse yolembetsedwa ili ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu ndi kulemera kumene siyenera kupyola ikasenza, ndipo nambala yachiwiriyi imaphatikiza ngoloyo ndi katundu yemwe. Ngolo zambiri zopanda mabuleki zimalekezera pa makilogalamu 750, amenenso ndi malire a munthu wa laisensi ya Code B. Yolemera kuposa apo imafuna mabuleki akeake ndi laisensi ya EB. Tsono taganizirani kuti chigubu chimodzi cha mafuta ophikira cha malita 20 chimalemera makilogalamu opitirira 18, kotero zigubu 20 zokha zatenga kale pafupifupi theka la malire aja, firiji, malata ndi kulemera kwa ngoloyo tisanawerengere. Maso amanama pa nkhani ya kulemera, ndipo ndimalimbikitsa aliyense kuti kamodzi kokha apite ndi ngolo yake yodzaza pa sikelo yolipira, monga za kumalo ogula zitsulo zakutha, aone nambala yeniyeni. Ambiri amene achita zimenezi abwerako atasintha maganizo pa kapakidwe kawo.

Kapakidwe kenikeniko n'kofunikanso. Katundu wolemera ayenera kukhala pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo pang'ono, ndipo mbali ziwiri zilemere mofanana, chifukwa ngolo imatha kukhala mkati mwa malire koma tayala limodzi likusenza gawo lalikulu. Katundu akachuluka kumbuyo ngolo imayamba kugwedeza mchira, ndipo kugwedezeka kumeneko kumapinda matayala cham'mbali, kumene ndi kofooka. Pa ngolo ya maekiselo awiri, ngati chokokera chakwera kapena chatsika kwambiri, ekiselo imodzi imasenza zambiri kuposa inzake.

Za mpweya ndimaziona pafupifupi tsiku lililonse. Munthu amaima pomwetsera mafuta, wopopa amafunsa kuti aike zingati, iye n'kutchula 2 bar kapena 2.2 monga amachitira ndi galimoto yake, ndipo mpweya womwewo umaikidwa ku matayala a ngolo. Koma tayala limasenza kulemera kumene kwalembedwa pambali pake pokhapokha lili ndi mpweya umene walembedwa pamenepo, ndipo matayala ambiri olimba a ngolo amafuna mpweya wofika 4.5 bar, kapena kuti 450 kPa, kuti asenze katundu wawo wonse. Tayala lotere likapopedwa 2.2 bar limaoneka lozungulira bwinobwino ngolo ikakhala yopanda kanthu, koma mphamvu zake zatsika kwambiri. Mpweya uyesedwe m'mawa matayala asanayende, ndi geji yanuyanu, chifukwa mageji a m'malo omwetsera mafuta amagwetsedwa pansi tsiku lonse ndipo ena salondola. Pa ulendo mpweya umakwera chifukwa cha kutentha, ndipo zimenezi opanga anaziwerengera kale. Amene amaphwetsa tayala lotentha poopa kuti liphulika amakhala akulibweretsera ngozi yomwe akuiopayo, popeza likazizira limatsala ndi mpweya wochepa. Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti tikatsika kuchoka kumtunda kuno kufika kuchigwa ngati cha Tete, geji imaonetsa mpweya wocheperako ndi pafupifupi 0.2 bar ngakhale tayala silinabooke, chifukwa mpweya wa kunja ndi wolemera kwambiri kumunsi. Choncho m'mawa uliwonse wa ulendo ndi bwino kuyesanso.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi ukalamba wa matayala, chifukwa suoneka kwa munthu amene sakudziwa poyang'ana. Ngolo ndi karavani zimayenda maulendo ochepa pachaka, miyezi yotsalayo zili chiimire kuseri kwa nyumba ku Rosettenville kapena ku Turffontein, padzuwa lowawa la kumtunda kuno. Mizere ya pamwamba siitha, ndipo tayala limaoneka ngati langochoka kumene m'sitolo. Labala komabe amakalamba ngakhale asakuyenda: mpweya ndi dzuwa zimamuumitsa, ndipo mankhwala amene opanga anasakaniza mu labalayo kuti azimuteteza amatulukira pamwamba bwino tayala likamayenda ndi kupindika. Tayala longoima limayamba timing'alu ting'onoting'ono m'mbali ndi pakati pa mizere, ndipo pamene lakhalira pansi limaphwatalala. Zili ngati legeni imene yakhala padenga chilimwe chonse: kuiona ili bwino, koma kungoikoka imaduka.

Bambo wina wachikulire amene amanyamula katundu wa ku Nkhata Bay anabwera ndi ngolo yake kuti timuikire girizi, ndipo nditamuuza za matayala anandiyankha kuti, "Achimwene, matayala awa ndi atsopano, taonani mizere yake, chala chikulowa chonse." Ndinawapempha kuti tigwade limodzi tiwerenge pambali pa tayalalo. Pa matayala ambiri pali zilembo zoyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi amene amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mwachitsanzo 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Kalembedwe ka manambala anayi kanayamba m'chaka cha 2000, ndipo tayala la manambala atatu okha ndi la kale kuposa apo, loyenera kutayidwa popanda kukambirana. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, choncho pamafunika kusuzumira kunsi kwa ngolo. Matayala a bambowo anali atapyola zaka khumi, ndipo atawerenga okha anangoti, "Ndiye mwandithandiza, mwanawe," n'kutumiza mnyamata wawo kukafunsa mitengo.

Makampani monga Michelin ndi Continental amalangiza kuti tayala lililonse lisapitirire zaka khumi kuchokera pamene linapangidwa, ngakhale lisanathe, ndipo Michelin imati likakwana zaka zisanu liziyesedwa ndi katswiri chaka ndi chaka. Bungwe la eni makaravani la ku Britain, Caravan and Motorhome Club, limakhwimitsa kuposa apo: limati matayala a karavani asinthidwe pa zaka zisanu ndipo asapyole zisanu ndi ziwiri. Malangizo amenewo ndi a dziko lozizira la misewu yosamalidwa, ndipo ine ndikuona kuti pa msewu wa Tete zaka zisanu ndiwo malire oyenera. Lamulo la pamsewu la South Africa limafuna kuti mizere ikhale yakuya milimita imodzi kapena kuposa pa tayala lonse, choncho tayala lokalamba limatha kudutsa pa rodibuloko wapolisi osaona vuto. Kudutsa pa rodibuloko sikutanthauza kuti lifika ku Mwanza.

Apa ndi pamene nkhani ya matayala a kaunjika imalowera. M'misewu yambiri ya tauni ino muli malo ogulitsa matayala ogwiritsidwapo kale ntchito, atapakidwa polishi wakuda, pa mtengo wokopa. Sindikunyoza munthu amene amagula kumeneko, chifukwa ndikudziwa mmene randi imavutira, koma mbiri ya tayala lotere palibe amene angakuuzeni: mwina linayendapo litaphwa, mwina linamatidwa m'mbali, kumene sikuloledwa kumata, mwina linachotsedwa pa galimoto ya ngozi. Ena amachita kusemanso mizere ndi mpeni wamoto pa tayala lakutha kuti lioneke lamoyo, zimene lamulo la kuno limaletsa pa matayala ang'onoang'ono ngati a ngolo zathu, chifukwa mpeniwo umafika pafupi ndi waya. Ngati palibiretu njira ina, tayalalo lichotsedwe pa rimu, muone mkati mwake ngati muli zigamba, makwinya kapena fumbi la labala, muwerenge chaka, ndipo mupapase m'mbali ngati muli chotupa. Komabe mukaika pamodzi mtengo wa tayala latsopano ndi mtengo wa firiji ya munthu imene yagwera m'ngalande, kapena usiku wogona pathengo pakati pa Harare ndi Nyamapanda mukulondera katundu, kusiyana kwa mtengo kuja kumachepa kwambiri.

Tsono posankha tayala latsopano, chofunika kuwerenga ndi zimene zalembedwa pambali pake, ndipo dzina la kampani libwere pambuyo. Ngolo zambiri zing'onozing'ono zimabwera ndi matayala a galimoto wamba, monga 155/80R13 79T. Nambala 79 imanena kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 437, ndipo chilembo T chimanena liwiro la makilomita 190 pa ola. Liwiro limenelo ngolo silifuna, koma mphamvu yosenza ndiyo yochepa, ndipo ku America lamulo limati tayala la galimoto wamba likaikidwa pa ngolo mphamvu yake igawidwe ndi 1.1, kotero 437 imatsika kufika pa 397. Tayala la saizi yofanana koma lokhala ndi chilembo C, monga 155R13C 90/88, limasenza makilogalamu 600, ndipo m'mbali mwake ndi molimba chifukwa linapangidwira magalimoto onyamula katundu. Pa ngolo zazikulu ndi makaravani pamapezeka 195R14C 106/104, limene limasenza makilogalamu 950. Nambala yachiwiri ija, 88 kapena 104, ndi ya pamene matayala awiri amangidwa mogundizana mbali imodzi ya ekiselo monga pa lole. Ngolo ya maekiselo awiri otsatizana imawerengera nambala yoyamba. Ine ndimalangiza kuti mphamvu ya matayala onse ikaphatikizidwa ipyole kulemera kwa ngolo yodzaza ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, kuti pakhale mpata wa dzenje, kutentha ndi katundu wopendekera mbali imodzi.

Ndiyenera kuchenjeza kuti tayala lolimba silisintha malire a ngolo. Ekiselo, masipuling'i, maberingi ndi chokokera zimakhala zomwezo, ndipo munthu amene waika matayala a C kuti azipakira kawiri wangosamutsira ngozi pamalo ena. Rimu nayonso iyenera kukhala yotha kupirira mpweya wochuluka, ndipo valavu isinthidwe pamodzi ndi tayala. Mavalavu wamba a labala amalekezera pa 4.5 bar, choncho pa matayala olimba ndi bwino kuika achitsulo.

Amene amawerenga pa intaneti adzapeza malangizo ambiri onena za matayala olembedwa ST. Amenewo ndi a ku America, opangidwira ngolo zokha, ndipo ambiri akale sankayenera kupyola mamailosi 65 pa ola, amene ndi makilomita pafupifupi 105. Kuno sapezeka kawirikawiri, ndipo zimenezi n'zofunika kuziganizira, chifukwa saizi yachilendo imene mwaipeza movutikira mu Johannesburg simudzaipeza ku Masvingo kapena ku Tete Lamlungu madzulo. Saizi zofala za C za mainchesi 13, 14 ndi 15 zimapezeka m'matauni ambiri a m'njira. Ngolo za timatayala ta mainchesi 10 zisiyidwire maulendo a m'tauni, popeza timazungulira kambiri pa mtunda womwewo ndipo timatentha msanga pamodzi ndi maberingi ake.

Za mayina a makampani sindikhala nazo nthawi yaitali. Dunlop ili ndi fakitale ku Ladysmith, Bridgestone ku Brits, Continental ku Gqeberha, ndipo matayala a makampani odziwika otere amagulidwa m'masitolo amene amapereka lisiti ndi chitsimikizo. Alipo matayala ochokera ku Asia amene ndi abwino ndithu, ndipo alipo ena amene dzina lake limaoneka chaka chino chaka chamawa osaonekanso. Muyezo wanga ndi wakuti wogulitsa akhale ndi malo okhazikika oti mungabwerereko, tayala likhale ndi chizindikiro chooneka bwino cha E kapena DOT, chosonyeza kuti linakwaniritsa miyezo ya ku Ulaya kapena ya ku America, ndipo chaka chake chikhale chaposachedwa. Tayala limatha kukhala m'sitolo zaka zingapo lisanagulidwe, choncho muli ndi ufulu wopempha kuona manambala anayi aja musanalipire. Matayala a pa ekiselo imodzi akhale a mtundu umodzi, saizi imodzi ndi msinkhu umodzi.

Sipeya imaiwalika kwambiri. Imakhala yomangidwa kutsogolo kwa ngolo, padzuwa ndi pamvula, ndipo tsiku loifuna imapezeka yophwa kapena yokalamba kuposa anzake onse. Pa ulendo wa kumudzi ndimalangiza masipeya awiri, chifukwa woyamba akagwira ntchito ku Beitbridge ulendo wonse wotsalawo mumayenda opanda pothawira. Jeke ya galimoto nthawi zina silowa kunsi kwa ngolo yodzaza imene tayala lake laphwa, ndipo sipanala ya galimoto siikwana manati a ngolo nthawi zonse. Zimenezi ziyesedwe pakhomo, osati m'mbali mwa msewu usiku. Tayala likangosinthidwa, manati amangidwenso pakatha makilomita pafupifupi 50. Masiku ano kulinso timakina ta pavalavu timene timatumiza mpweya ndi kutentha kwa tayala lililonse pa kachipangizo ka kutsogolo kwa dalaivala, ndipo pa ngolo ndi pamene timathandiza kwambiri, popeza ndi ito tokha tingamuuze dalaivala kuti tayala likuphwa lisanasupuke.

Amene alibe timakina timeneti ali ndi dzanja. Poima paliponse, pomwetsera mafuta kapena pamzere wa pachipata, zungulirani ngolo ndi kukhudza tayala lililonse ndi pakati pa wilo ndi kuseri kwa dzanja, mosamala. Mbali zonse zizitentha mofanana. Tayala limodzi likatentha kuposa linzake, ndiye kuti likuphwa kapena lalemedwa. Pakati pa wilo pakatentha kwambiri, beringi yauma girizi kapena buleki ikugwira, ndipo kutentha kumeneko kumalowa m'tayala kudzera mu rimu. Kutha kwa mizere mbali imodzi yokha kumasonyeza ekiselo yopindika, ndipo tayala latsopano likaikidwa pamenepo limatha mofananamo. Liwiro nalo lili m'manja mwa dalaivala: pa N1 galimoto yaing'ono imaloledwa 120, koma ngolo yodzaza masana otentha ndimaiona yotetezeka pakati pa 80 ndi 90, ndipo chigawo cha Musina ndi cha Tete ndi bwino kuchidutsa m'mamawa.

Zonsezi zikachitika tayala n'kuphulikabe, gwirani chiwongolero mwamphamvu, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, ndipo musaponde buleki mwadzidzidzi, chifukwa ngolo imatha kupinda n'kukankha galimoto cham'mbali. Tulukani mumsewu mokwanira ngakhale rimu iwonongeke, tsitsani anthu onse aime kutali ndi phula, ndipo ikani thirayango mamita osachepera 45 kuchokera pagalimoto monga lamulo la kuno likunenera. Pa ngolo ya maekiselo awiri, tayala lotsala mbali imene kwaphulikako limakhala litasenza lokha katundu wa matayala awiri kwa mtunda umene simukuudziwa, choncho nalonso lisinthidwe mukangofika pa tauni yoyamba yokhala ndi sitolo ya matayala, ngakhale kunja kwake kukuoneka kopanda chilema.